Poizoni wa m'nyanja yamchere akutikhudza pati ife a kumapiri?

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti maboma akulimbana ndi anthu otaya zinyalala za poizoni m'nyanja zamchere. Ife kuno nyanja yotero tilibe. Kodi nkhaniyi ndi yathunso?
Mlimi wa tomato, Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, ndi yathu ndithu. Koma ndiyambe ndi zimene munamvazo.

Kale mayiko a mafakitale ankangolongeza zotsala za mankhwala m'migolo, kuzikweza pa sitima, n'kukaziponya pakati pa nyanja. Mu 1972 maboma anakumana ku London n'kugwirizana zoletsa kutaya zinthu zoopsa kwambiri monga mekyule. Mu 1996 anakhwimitsa panganolo: chilichonse n'choletsedwa kupatula zinthu zochepa zolembedwa, monga matope okumbidwa padoko.

Kunyanja kutatsekeka, ena anatembenukira kwa ife osauka. Mu 1988 migolo zikwizikwi ya poizoni yochokera ku Italy inapezeka itaunjikidwa pabwalo la munthu m'tauni ya Koko ku Nigeria, ina ikudontha. Boma la Nigeria linakakamiza eni ake kuti adzaitenge. Chaka chotsatira kunabwera Pangano la Basel, limene Malawi ali nawo, loti zinyalala zoopsa zisalowe m'dziko la eni popanda chilolezo chawo. Mayiko a mu Africa anaona kuti sizikukwanira, ndiye mu 1991 analemba lawo ku Bamako, m'dziko la Mali. Ilo limaletseratu kubweretsa zinyalalazi mu Africa, ngakhale kuzitaya m'nyanja ndi m'mitsinje. Komabe mu 2006 sitima ya Probo Koala inatsitsa zonyansa zake ku Abidjan, m'dziko la Ivory Coast, magalimoto n'kukazikhuthula usiku mumzinda, ndipo anthu oposa 100,000 anathamangira kuchipatala. Zimenezi zimandipweteka mtima mpaka lero, chifukwa mapangano onsewa analipo kale.

Tsopano tibwere kwathu. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Mvula yogwa m'mapiri a Dedza imatsikira m'mitsinje ngati Linthipe, kulowa m'nyanja ya Malawi, kutuluka ndi Shire, kukakumana ndi Zambezi ku Mozambique, mpaka m'nyanja yamchere ya Indian. Isanafike n'komwe kutaliko, imadutsa mwa usipa umene mumagula pamsika.

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, ndipo chilimwe chathachi ndinapita kudimba la malume anga. Mnyamata wawo atamaliza kupopera kachewere, anatsetserekera kukhwawa, n'kumiza sipuleya m'madzi, kuikhutchumula, madzi oyera ngati mkaka aja n'kuwabwezera momwemo. Cha kumunsi pang'ono mayi wina anali kutsuka mpiru wopita nawo kumsika. M'mphepete munali timabotolo titatu ta mankhwala, tina tilibe zotsekera. Mnyamatayo si woipa ayi; palibe amene anamuuzapo. Ine ndemwe ndinakula ndikuona botolo lotere akusungiramo palafini.

Boma lathu lili ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, komanso bomalo linaletsa majumbo opyapyala mu 2015. Koma palibe wa boma amene angaime pakhwawa lililonse la ku Bembeke m'mawa uliwonse. Pamenepo pali inu.

Botolo likatha, thiranimo madzi, khutchumulani, khuthulirani m'sipuleya. Chitani katatu, madziwo mukapopere m'munda momwemo. Kenako libooleni kuti mwana asatungire madzi akumwa, ndipo musaliotche pamoto wophikira. Sipuleya muzitsukira kumtunda, kutali ndi chitsime ndi khwawa. Mabotolo obooledwawo sungani m'thumba pamalo pamene ana safika, ndipo alangizi a zaulimi akabwera muwafunse kumene mungakawasiye. Akapanda kuyankha bwino, kafunseninso pamsonkhano wa kalabu yanu, anthu onse akumva.