Thanki yachiwiri ya mafuta: werengani kaye musanaboole chilichonse

Ndalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina yemwe ali ndi Hilux ya dizilo ya zitseko zinayi. Akuti thanki yake ya malita 80 imamukwanira akamayenda pa tala, koma akalowa m'tchire, kutali ndi malo omwetsera mafuta, mtima umakhala m'mwamba. Wowotcherera wina wamulonjeza thanki ya malita 60 yoika kumbuyo konyamulira katundu, yolumikizidwa ndi thanki yakale ndi paipi imodzi kuti mafuta azitsika okha. Akufunsa kuti, "Ndivomere kodi?"

Achimwene, thanki mutha kuika, koma osati mwa njira imeneyo. Ndipo musanafike n'komwe kwa wowotchererayo, tengani cholembera.

Mwandiuza kuti galimoto yanu imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Ndiye kuti papepala muli ndi makilomita 800. Koma chiwerengero chimenecho n'cha pa tala. Mumchenga wofewa, matayala mutawaphwetsa, giya ili yotsika, galimoto imamwa ngati yalusa. Tiyerekeze kuti yafika pa malita 16, basi 800 uja wasanduka 500, ndipo munthu wanzeru sadikira kuti thanki iume. Choncho yezani mtunda weniweni pakati pa malo awiri omwetsera mafuta pa ulendo wanu wautali koposa. Ngati kupereweraku kumachitika kamodzi kapena kawiri pachaka, zigubu zitatu zachitsulo za malita 20 zikupatsani malita 60 omwewo, ndipo mukabwerako mumangozitsitsa. Thanki yomangirira simuitsitsa.

Chimene ambiri amaiwala ndi kulemera. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, ndiye malita 60 ndi makilogalamu 50, osawerengera thanki ndi zomangira zake. Zonsezo zikuchotsedwa pa katundu amene galimoto inaloledwa kunyamula. Komanso malo ndi nkhani. Kulemera kukakhala kuseri kwa matayala a kumbuyo kumachita ngati mwana wokhala kumapeto kwa katungwe: kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumapepuka, masipuling'i amagona. Kukakhala pamwamba, galimoto imapendekeka msanga potsetsereka. Malo abwino ndi pansi, pakati pa zitsulo za chasisi, pafupi ndi pakati pa galimoto. Vuto n'lakuti malo otere ndi ochepa, n'chifukwa chake ambiri amachotsa tayala la sipeya kunsi, kenako n'kuyamba kulisakira pokhala. Ena amangochotsa thanki yakale n'kuikapo imodzi yaikulu. Kunena zoona njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa mapaipi sachuluka. Kungoti geji imayamba kunama: imakhala pa "F" nthawi yaitali, kenako n'kugwa mofulumira.

Tsopano za paipi imodzi ija. Thanki ikakhala pamwamba pa inzake, mafuta sadziwa kuti yapansiyo yadzaza. Amangokankha mpaka atapeza potulukira, kaya pa kapaipi kopumira kapena pa chivundikiro. Paipiyo ikathyoka m'tchire, matanki onse awiri angathere pansi. Ilipo njira yochitira zimenezi pa dizilo pogwiritsa ntchito valavu yotseka yokha, koma si ntchito yongolumikiza ndi paipi ya labala. Pa petulo ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa nthunzi yake imayaka ngakhale kukuzizira kwambiri, pamene dizilo amafuna kutenthedwa kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yoyaka.

Ena amaika valavu yoti injini izisankha thanki yomwamo. Apa pali msampha. Injini ya dizilo siwotcha mafuta onse amene yakoka. Otsala amabwerera ku thanki kudzera m'paipi ina. Mukasintha paipi yokokera yokha n'kusiya yobwezera, injini imakoka ku thanki yatsopano n'kumathira mu yakale mpaka kusefukira. Mapaipi onse awiri ayenera kusinthira limodzi.

Ine ndimasankha yosavuta: kapampu kamagetsi kokoka mafuta kuchoka mu thanki yowonjezera kupita mu yakale, kokhala ndi sefa yakeyake, fyuzi ndi swichi. Injini imapitiriza kumwa mmene anaipangira. Koma ikani kanyali kowala pa swichiyo. Ine ndinaphunzira mochedwa. Tsiku lina ndinayatsa pampu geji ili pa theka, n'kutengeka ndi macheza. Titaima, fungo ndi limene linandilandira. Nditasuzumira kunsi, dizilo anali akuyenderera pa chasisi, akudontha kuchokera pa sipuling'i, fumbi lonse la kunsi litasanduka phala lakuda. Kuyambira pamenepo sindiyatsa pampu geji isanafike pa kota. Kwa inu lamuloli ndi lenileni, chifukwa malita 60 sangalowe mu thanki ya 80 pokhapokha itatsala ndi 20 kapena kucheperapo.

Thanki yeniyeniyo muiyang'ane m'kati isanatsekedwe. Payenera kukhala zitsulo zotchinga zokhala ndi mabowo, kuti mafuta asamathamangire mbali imodzi mukamanga mabuleki. Popanda zimenezo, mafutawo amamenya makoma mpaka mowotcherera n'kung'ambika. Pasiyidwenso mpata wa mpweya pamwamba, poti mafuta amafufuma akatenthedwa, pafupifupi lita imodzi pa malita 100 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kapaipi kopumira kakwezedwe pamwamba, ndipo kakhale ndi valavu yotseka galimoto ikagubuduka. Thanki yotentha ikalowa m'madzi ozizira powoloka mtsinje, mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka chilichonse chili pakamwa pa kapaipiko. Kakakhala pansi, kamamwa madzi. Mainjekita, tizipangizo topopera mafuta mu injini zamakonozi, amagwira ntchito pa mphamvu yokankha mafuta yoposa ma bar 1,500, ndipo madzi ndi mdani wawo wamkulu.

Thankiyo italikirenso ekizozi. Ngati galimoto yanu ili ndi DPF, sefa ya pa ekizozi yogwira mwaye wa mu utsi, dziwani kuti ikamadziyeretsa imafika pafupifupi madigiri 600. Pomangirira, gwiritsani ntchito mabowo amene ali kale pa chasisi, muike labala pakati, chifukwa chasisi imapindika pamsewu woipa ndipo thanki yomangidwa mouma imasweka. Thanki imene munalowapo kale mafuta isawotchereredwe mwachisawawa.

Malamulo osintha galimoto amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani oyeza magalimoto ndiponso a inshuwalansi ntchito isanayambe. Ikatha, thiranimo malita 10 okha, muimike galimoto usiku wonse pa katoni youma, m'mawa muone ngati pali dontho. Mukayenda ulendo woyamba wamabampu, lowani kunsi ndi sipanala mukhwimitsenso mabawuti onse. Ndipo dizilo wa mu thanki yachiwiriyo musamusunge miyezi. Muzimupopera mu yakale kawirikawiri, n'kuthiramo watsopano.