Kulima masamba pa nyumba yakale: khoma lisanyowe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 18. Iwo ndi banja lawo alowa m'nyumba imene makolo awo ankakhala, imodzi mwa zija zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene likulu la dziko linkachoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Akufunsa kuti, popeza Ogasiti akutha ndipo chisanu chapita, abzale masamba anji, komanso ngati angalime m'mbali mwa khoma la kukhitchini, pafupi ndi mpopi.

Mayi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene ambirife tinapsa. Musalime mogundiza khoma. Nyumba imene yatha zaka pafupifupi 50 ili chilili siifuna madzi m'maziko ake tsiku ndi tsiku, chifukwa chinyontho chimakwera m'njerwa, pulasitala n'kuyamba kusendeka, ndipo kumene kuli chinyontho ndi udzu wouma chiswe sichichedwa kufika. Ineyo ndinaphimbirapo bedi la anyezi ndi udzu pansi pa zenera la kuchipinda, ndikudziona wochenjera kuti ndikusunga madzi. Patapita miyezi ingapo ndinagogoda felemu ya zeneralo ndi chala, ndipo inalira ngati chikho chopanda kanthu. Kunja kunangotsala penti, mkati monse muli dothi. Siyani mpata wa mamita osachepera 2 pakati pa khoma ndi bedi loyamba. Mpatawo ukutetezaninso ku zinyenyeswa za penti yakale, imene nthawi zambiri inkakhala ndi mtovu, ndipo mtovu ndi woopsa makamaka kwa ana. Funsaninso achibale kuti dzenje la madzi a kuchimbudzi lili pati, pakuti malo amene udzu wake umabiriwira chilimwe chonse amakopa maso, koma si pobzala ndiwo.

Pa nyumba zoterezi sipalephera kukhala mtengo wa mango waukulu. Musaudule, koma dziwani kuti mizu yake imamwa madzi kutali ndi tsinde, ndipo masamba amafuna dzuwa la maola ngati 6 patsiku. Tulukani m'mawa, masana ndi madzulo, muone pamene mthunzi sufika.

Tsopano za mbewu. Mpiru, repu ndi tchainizi zimakonda nyengo yozizira. Mukhoza kuzifesabe pa nazale pano n'kuwokera pakatha masabata 3 kapena 4, koma musayembekezere kuthyola nthawi yaitali, chifukwa dzuwa la Okutobala likafika nsabwe zimadzaza kunsi kwa masamba ndipo mpiru umathamangira kuchita maluwa. Ndikanakhala inu, malo ambiri ndikanapatsa bonongwe, nkhwani, therere ndi khwanya, zimene siziopa kutentha ndipo zidzakudyetsani mpaka mvula itayamba mu Novembala kapena Disembala. Anthu ena m'tauni muno amapeputsa bonongwe ngati ndiwo ya osauka, komatu wotendera bwino sakhalitsa m'mbale. Matimati amafuna munthu wa maso, pakuti nyengo yotentha ndi youma ndiyo imachulukitsa akangaude ofiira aja amene amaumitsa masamba.

Dothi lathu lofiira limauma gwa ngati njerwa, choncho kumbani mabedi olowa pansi pang'ono, otambalala mita imodzi, kuti madzi asathawe, ndipo musakanizemo manyowa owolerana bwino. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha mbande. Yambani ndi mabedi 3 okha, muone kaye bilu ya madzi ya mwezi woyamba musanawonjezere. Thirirani madzulo ndi ndowa, osati ndi payipi yosiyidwa ikuyenda, ndipo madzi otsukira mpunga ndi ndiwo musamatayenso m'ngalande. Muziwasunga m'ndowa pakhonde n'kukathira pa nkhwani.