Fomu ya makamera imeneyo ine ndinaisainapo

Mbale wanga, fomu ya makamera a m'galimoto imene akupatsani kuti musaine pofika Lachisanu, inenso ndinaisainapo, ndipo nditawerenga funso lanu lakuti musaine kapena ayi, mtima wanga wabwerera kumene sindinkafuna kuti ubwererenso. Ndikulemba pa foni ndili kuno ku Chawama mumzinda wa Lusaka ku Zambia, choncho mundikhululukire ngati ndichulutsa mawu, chifukwa nkhani imeneyi inandidyera ntchito ya zaka 9.

Ndinali dalaivala wa dampa, galimoto yaikulu yonyamula miyala, pa mgodi wina wa mkuwa wokumba pamtunda, pansi pa kampani ya kontirakita imene sinditchula dzina. Atabweretsa makina awo anatisonkhanitsa m'kantini n'kutiuza kuti zonsezo ndi zoteteza moyo wathu. Kamera anaiika kutsogolo kwa chiwongolero, yoyang'ana kumaso usana ndi usiku chifukwa imaona ngakhale mumdima. Imayang'ana zikope ndi mmene mutu wapendekera, ndipo ikaganiza kuti munthu wasinza, mpando umanjenjemera, belu limalira, kenako kavidiyo ka masekondi ochepa kamapita kwa oyang'anira. Pamwamba pa izo panali dispatch, kompyuta imene imadziwa pamene galimoto iliyonse ili kudzera pa GPS, matani amene yasenza ndi mphindi zimene yatha pa ulendo uliwonse. Galimoto ikaima, mphindi zimenezo zimayenera kupatsidwa chifukwa, chimene amachitcha code, ndipo kwathu amene ankalowetsa code imeneyo anali munthu wa mu ofesi. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa ine ndinagwera pamenepo.

Munali mu Febuluwale 2022, shifiti ya usiku ya maola 12, mvula itagwa kuyambira madzulo osakata. Cha m'ma 3 koloko ndinkakwera chitunda chotulukira m'dzenje nditasenza miyala, pang'onopang'ono monga mmene dampa yodzaza imakwerera, pamene nyali zinawala pa mng'alu umene sunalipo pa ulendo wapitawo. Unayambira pa mtumbira wa m'mphepete n'kufika pafupi ndi pakati pa msewu, madzi ofiira akutsikiramo osatulukanso, ndipo kuseri kwa mtumbirawo kunali phompho. Ndinaponda mabuleki n'kuimitsa galimoto. Manja ankanjenjemera moti choyankhulira cha wailesi chinandipulumuka n'kugwera pansi pa mpando, ndipo nditawerama kuti nditole, mpando unayamba kundigwedeza, belu likulira. Nditatola, ndinapukuta kumaso ndi chipewa chifukwa thukuta linkalowa m'maso, belu n'kuliranso kachiwiri. Mnyamata wa ku dispatch anandiyankha kuti pa sikirini yake msewu ndi wotseguka, ndipitirize chifukwa ndikuchedwetsa anzanga. Ndinamuuza kuti sindisuntha mpaka kapitawo abwere adzaone ndi maso ake. Ndinakhala pamenepo mphindi 26, phazi lili pa buleki ngakhale galimoto inali yomangidwa kale, madampa 6 atandandana kumbuyo kwanga, ndikumvetsera ngati nthaka ikusuntha pansi pa matayala.

Kapitawo anabwera pa pikiapu ndi tochi. Anaima pa mng'aluwo, analowetsamo nsapato yake mpaka m'kakolo, kenako anandiyang'ana m'mwamba muja n'kunena pa wailesi kuti, "Mwachita bwino, mdala." Anatseka msewu, anatibweza cham'mbuyo mmodzimmodzi, ndipo pofika m'mawa mbali ina ya mtumbira uja inali itagumukira kuphompho. Ndinapita kukagona ndikuthokoza Mulungu, ndili ndi chikhulupiriro chakuti mwina andiyamikira pa msonkhano wa chitetezo.

Patapita masabata atatu anandiitana ku ofesi. Pakhoma panali sikirini yaikulu yokhala ndi mndandanda wa madalaivala onse, ndipo nambala yanga inali pansi penipeni, yofiira. Mayi wa ku HR, ofesi yoona za antchito, anawerenga kuti usiku umodzi kamera inandigwira kawiri ndikusinza, komanso kuti ndinaimitsa galimoto mphindi 26 pa code yakuti kuchedwa kwa dalaivala, ndipo anali atawerengera kale matani amene anatayika pa madampa onse 7. Ndinapempha kuti ationetse kavidiyo kaja tonse tione ngati maso anga anali otseka. Anati mavidiyo amasungidwa ndi kampani ina ndipo masiku ake anatha, chimene chatsala ndi lipoti. Ndinapempha mawu a pa wailesi, anati alibe. Pamenepo ndinatembenukira kwa kapitawo, amene anakhala pa mpando wachitatu kuchokera pamene ndinali, ndipo ndinamutchula dzina n'kumupempha kuti anene zimene anaona. Munthuyo anayang'ana nsapato zake, zomwe zija analowetsa mumng'alu, n'kunena kuti usiku umenewo panali zambiri ndipo sakukumbukira bwino. Mayi uja anatseka faelo n'kunena kuti, "Bambo, kompyuta sinama." Ndinapereka chisoti, khadi ndi makiyi a loka, mlonda n'kundiperekeza mpaka pageti ngati mbala. Basi inandifikitsa pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka kukucha, ndipo ndinakhalira chikwama changa maola awiri pamenepo chifukwa ndinalibe mawu okawauza amayi a kunyumba, ana awiri ali ku sekondale.

Mpaka lero munthu ameneyu sindinamukhululukire, ngakhale ndimapemphera kuti ndithe kutero. Ndinazindikira pambuyo pake chifukwa chimene anakhalira chete. Kuyendera msewu mvula ikagwa inali ntchito yake, ndipo akanalemba kuti msewu unang'aluka magalimoto akudutsa, akanakhala kuti wadzinenera yekha, choncho kunali kwapafupi kuti mphindi 26 zija zigwere pa ine. Mnyamata wa ku dispatch naye anasankha code imene sinkamupatsa mafunso, ndipo mabwana anakondwa kupeza pepala looneka loyera lochotsera munthu amene malipiro ake anali atakwera chifukwa cha zaka. Anzanga 6 amene anali kumbuyo kwanga, amene mwina mmodzi wa iwo akanakhala m'phompho muja, palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa, poopa kuti makontirakiti awo sawonjezeredwa. Anaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ndinamva kuti awiri a iwo anachotsedwa chaka chomwecho ndi mndandanda womwewo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti malamulo analipo koma sindinkawadziwa. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito limayenera kufika ku Industrial Relations Division ya High Court pasanathe masiku 90, ndipo ine masiku amenewo ndinawathera ndikuimba foni kwa anthu amene ankangonena kuti ndidikire. Sindinkadziwanso kuti Data Protection Act ya 2021 imapatsa munthu ufulu wopempha kuti aone zimene kampani yasunga zokhudza iye, komanso imakana kuti munthu agamulidwe ndi makina okha popanda munthu kulowererapo. Ndikanalemba kalata yopempha kavidiyo kaja m'mawa womwewo belu litalira, bwenzi lero ndikuyankhula zina.

Amene alemba pamwambapa kuti AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, ndi nkhani ya ku Ulaya ndipo kuno sifika, sakutsatira zimene zikuchitika. Ku Chililabombwe, kampani ya ku America ya KoBold Metals, imene imagwiritsa ntchito AI kusanthula mapu akale ndi zotsatira za miyala yobooledwa, inalengeza mu 2024 za mkuwa wochuluka wa ku Mingomba, umene uli pansi kupitirira kilomita imodzi. Chaka chomwecho boma linayamba kuulutsa ndege zopima miyala ya pansi pa dziko lonse, ndipo likufuna kuti mkuwa ufike matani 3 miliyoni pa chaka pofika 2031, pamene mu 2024 tinangopitirira pang'ono matani 800,000. Matani amenewo sadzakumbidwa ndi manja ochuluka monga m'masiku a ZCCM, kampani ya boma imene inkayendetsa migodi kale. Ku Pilbara m'dziko la Australia, Rio Tinto imayendetsa madampa ndi sitima zopanda madalaivala, oyang'anira atakhala mu ofesi ku Perth, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera pa mgodi. Kamera imene akukupatsaniyo ndi chiyambi chabe, chifukwa manambala amene imasonkhanitsa limodzi ndi dispatch ndi amene amauza mabwana kuti pakufunika madalaivala angati.

Komabe ndikhala wabodza ndikanena kuti makinawa ndi oipa okhaokha. Usiku wina mu 2021, chisanachitike chimene ndafotokozachi, ndinasinzadi ndikutsika chitunda nditachokera ku maliro a amalume ku Katete osagona, ndipo mpando umenewo ndi umene unandidzutsa galimoto ikulunjika mtumbira. Ana anga ali ndi bambo lero chifukwa cha kamera yomweyo. Agogo athu amene anagwira ntchito ku migodi ankasimba za ngozi ya ku Mufulira ya mu Sepitembala 1970, pamene matope anathyola n'kulowa pansi ndi kupha anthu 89 popanda chowachenjeza. Masiku ano kuli makina a radar amene amaona khoma la dzenje likusuntha ndi mamilimita ochepa, ndipo ku Bingham Canyon ku America mu Epulo 2013 mbali yaikulu ya khoma la dzenje inagumukira m'mgodi koma palibe amene anafa, chifukwa makina anachenjeza ndipo anthu anachotsedwa nthawi ilipo. Akanakhala kuti anaika chipangizo chotere pa msewu wathu uja, mng'alu ukanalembedwa ndi makina, ndipo kapitawo sakanatha kuuiwala.

Choncho ine ndikuti sainani, mbale wanga, ngakhale fomu yomweyo ndi imene inandipweteka, chifukwa mukakana adzangodikira kuti kontirakiti yanu ithe ndipo pageti pali anyamata ambiri amene akudikira malo anuwo. Koma musanasaine muijambule pa foni masamba onse, ndipo mufunse molemba kuti mavidiyo amasungidwa masiku angati, amawaona ndani, komanso ngati dalaivala ali ndi ufulu woona kavidiyo kake asanaweruzidwe. Ngati pamalo panu pali yuniyoni, kaya ndi MUZ kapena ina, pitani ndi woimira wanu, ndipo mafunsowo afunsidwe m'dzina la onse kuti musaoneke ngati inu nokha ndinu wovuta. Mugule kabuku kakang'ono kokwana m'thumba la ovolosi, ndipo nthawi iliyonse imene mwaimitsa galimoto kapena belu lalira, mulembe tsiku, nthawi, malo ndi munthu amene munayankhula naye pa wailesi. Pomaliza shifiti muzifunsa code imene alowetsa, ndipo ngati ndi yolakwika mukane tsiku lomwelo kudzera pa meseji imene idzatsale, osati pakamwa pokha. Mukaona choopsa pa msewu imani ndithu, ngakhale sikirini ikunena kuti pitani, ndipo ine ndikanabwerera ku usiku umenewo ndikanaimanso.

Ngati zaka zikukulolani, yesetsani kuphunzira makina omwewo kuti tsiku lina mudzakhale kumbali ya sikirini. Amene amakonza masensa, mawailesi ndi magetsi a m'madampa ndiwo akufunidwa tsopano, ndipo maphunziro a zamagetsi ndi zipangizo zoyezera amapezeka ku NORTEC ku Ndola ndi m'makoleji ena a pansi pa TEVETA. Mwana wanga woyamba ndinamukaniza kukwera dampa, ndipo ndikumulipirira maphunziro a zamagetsi ndi ndalama zimene ndimapeza ponyamula mchenga ndi miyala pa tipa ya munthu wina kuno ku Lusaka. Fomuyo mukaijambula munditumizire ku inbox lisanafike Lachinayi, mutabisa dzina lanu ndi la kampani, kuti ndikuonetseni ndime yonena za kusunga mavidiyo, chifukwa pa yanga inali pa tsamba lomaliza ndipo ndinasaina osaiwerenga.