Kwa achemwali amene utoto wa acrylic ukuwaumira pa mbale

Achemwali, mwalemba kuti mumajambulira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yanu ku Lilongwe, kuti utoto wa acrylic ukumauma pa mbale musanamalize n'komwe kusakaniza mtundu womwe mukufuna, ndiponso kuti zithunzi zosamaliza zachuluka mpaka zadzaza khoma lonse. Mwafunsa ngati kuli bwino kusiya acrylic n'kuyamba utoto wa mafuta, kapena kuitanitsa utoto wodula kuchokera ku Johannesburg. Malangizo anga ndi akuti musachite chilichonse mwa ziwirizi panopa. Ndalamazo zisungeni kaye, ndipo musinthe kayendetsedwe ka chipindacho tsiku ndi tsiku, chifukwa mavuto onse awiri amene mwatchula akuchokera pa kasamalidwe ka madzi ndi ka nthawi, osati pa dzina lolembedwa pa chubu.

Utoto wa acrylic ndi ufa wa mtundu wosakanizidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta pulasitiki toyandama m'madzi. Madziwo akamasanduka nthunzi, tizidutswato timayandikana n'kumatirirana, ndipo timapanga khungu limodzi lomwe madzi sangalisungunulenso. Khunguli limayambira pamwamba, monga limachitira phala likasiyidwa pa mbale, pamene m'kati mukadali mofewa. Choncho chilichonse chofulumizitsa madzi kuphwa chimafulumizitsanso utoto kuuma: kutentha kwa malata mu Okutobala, mpweya wouma wa nyengo imeneyi, mphepo yodutsa pa zenera, ndiponso fani amene mwina mumayatsa kuti mupume. Utoto wodula uli ndi ufa wa mtundu wochuluka ndipo umaphimba bwino, koma madzi ake amaphwa mofanana ndi a utoto wotsika mtengo. Dandaulo lanuli ndi lakale ngati utoto womwewo, umene unayamba kugulitsidwa kwa ojambula ku America m'zaka za m'ma 1950 pa dzina la Liquitex.

Utoto wa mafuta ungakupatsenidi nthawi yaitali yosakanizira mitundu, koma ungabwere ndi mavuto ake. Umatenga masiku kuti uume, ndipo masiku onsewo fumbi la chilimwe limakhala likutera pa chithunzi chonyowa n'kumamatirira pomwepo. Mankhwala otsukira maburashi ake ali ndi fungo lopweteka mutu m'chipinda chaching'ono. Choposa zonse, munthu amene zithunzi zosamaliza zamuchulukira pa utoto wouma msanga sangathandizike ndi utoto umene ungamuuze kuti adikire mlungu wathunthu asanapakenso.

Choyamba kukonza ndi mbale yosakanizirapo. Pezani kontena ya pulasitiki yosazama yokhala ndi chivundikiro chothina, ngati ija ana amanyamulira chakudya kusukulu. Pansi pake yalani siponji yopyapyala kapena nsalu ya thonje yopinda kawiri, muinyowetse koma muifinye kuti isamadonthe, kenako pamwamba pake muyale pepala lija amayala m'chiwaya pophika makeke. Utoto muziufinyira pa pepalalo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono kudutsa pepala, ndipo utoto umene ukanauma m'mphindi zochepa umakhala wofewa m'mawa wonse. Mukavundikira madzulo, mawa mudzaupeza ukadali wogwiritsika ntchito. Mukaona kuti utoto wayamba kusungunuka n'kumayenderera m'mbali, ndiye kuti madzi achuluka, finyaninso siponjiyo. M'nyengo ya mvula kontenayi imachita chuku ndi kununkha msanga, motero siponji muziichapa ndi sopo n'kuiyanika padzuwa mlungu uliwonse. Pambali pa mbaleyo pakhale kabotolo kopopera madzi, ka mtundu wotulutsa madzi ngati nkhungu osati madontho akuluakulu, kuti muzipopera pang'ono pa nsalu ya chithunzi pomwe mukufuna mitundu iwiri ilowane bwino, monga pa tsaya la munthu kapena pa thambo la madzulo.

Palinso mankhwala ochedwetsa kuuma otchedwa retarder. Ndi othandiza, koma a kampani yopanga utoto ya Golden amachenjeza kuti asapitirire magawo 15 pa 100 aliwonse a utoto, chifukwa akachuluka chithunzi chimakhala chonata kwa masiku. Ndingakulangizeni kuti muwasungire malo ochepa ovuta okhawo. Ndipo pamene mukufuna utoto wopyapyala woonetsa za pansi pake, sungunulani ndi medium osati madzi okha, popeza medium ndi pulasitiki yomweyo yomatira, yopanda mtundu chabe.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka tsiku. Kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 9 koloko chipinda chimakhala chozizira ndipo mpweya umakhalako ndi chinyezi. Maola amenewo apatseni nkhope, manja, madzi ndi mitambo. Masana, malata akayamba kuthetheka, kuuma msanga kumasanduka mwayi: ndiyo nthawi yopaka gesso (choyera chija chokonzera nsalu kuti ilandire utoto) pa nsalu zatsopano, yopaka mtundu woyamba wa pansi, ndiponso yodzaza malo aakulu a mtundu umodzi, chifukwa mutha kupaka kawiri kapena katatu dzuwa lisanapendeke. Kusesa muzichita madzulo mukatha ntchito, ndipo m'mawa muzingokolopa ndi nsalu yonyowa, kuti fumbi lisabuke pamene mukutsegula utoto. Mu Juni ndi Julayi zinthu zimatembenuka. Usiku wa ku Lilongwe umatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo pa kuzizira kotero tizidutswa tija sitimatirirana bwino, khungu limatuluka lofooka kapena long'aluka. Chithunzi chopakidwa utoto wokhuthala musachisiye pakhonde usiku m'miyezi imeneyo. Anzathu a ku Blantyre ndi ku Thyolo amene akuwerenga pano akudziwa kuti chiperoni chikagwa, utoto womwewo umachedwa kuuma mpaka munthu kuyamba kudandaula za mbali inayo.

Pa nkhani ya kuwala, mabuku ambiri ophunzitsa kujambula amati zenera labwino ndi loyang'ana kumpoto, koma malangizo amenewo ndi a ku Ulaya ndi ku America. Kwathu kuno dzuwa limadutsira chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, choncho zenera loyang'ana kummwera ndilo limapereka kuwala kodekha, kupatula kuyambira cha mu Novembala kufika kumayambiriro a Febuluwale pamene dzuwa limapendekera chakummwera, ndipo nsalu yoyera yopyapyala pa zenera imakwanira kulichepetsa mphamvu. Pansi pa babu lachikasu musasankhe mtundu wa khungu la munthu. Ngati mumagwira ntchito usiku, gulani babu loyera lolembedwa 5000K. Kumbukiraninso kuti acrylic amaderapo akauma, chifukwa pulasitiki ija imakhala yoyererako ngati mkaka ikakhala yonyowa ndipo ikauma imaonekera mkati ngati galasi. Pakani kachidutswa pa pepala, dikirani kaume, ndiyeno mukayerekeze ndi chithunzi.

Tsopano za zithunzi zomwe zadzaza khoma, zimene ndikuona kuti ndilo vuto lalikulu kuposa la mbale. Chithunzi cha acrylic chimakhala ndi nthawi yapakati pomwe chimaoneka choipa kwambiri: mizere yoyamba ija yokongola yaphimbika, mitundu ili phwatalala yopanda kuya, ndipo nkhope ikuoneka ngati yodulidwa pa katoni. Ojambula ambiri amasiyira pamenepo n'kutenga nsalu yatsopano, chifukwa kuyamba kumakoma. Komatu utoto umenewu umapeza kuya kwake pa kupaka kwachitatu, kwachinayi ndi kupitirira apo, ndipo chithunzi chimene mukuchiyesa cholephera nthawi zambiri chimakhala chakuti changopakidwa kawiri basi.

Tulutsani zonse pakhonde tsiku lina m'mawa, muziimike pamzere, ndipo musankhepo zitatu zokha: chimodzi chomwe changoyamba kumene, china chomwe chili pakati, ndi china chomwe chatsala pang'ono. Zitatuzi ndizo zizikhala poonekera, ndipo pamene china chikuuma muzitembenukira ku chinzake. Chatsopano chisayambike mpaka chimodzi mwa zitatuzo chitatha ndi kulembedwa dzina lanu. Madzulo aliwonse, musanatsuke maburashi, lembani pa kapepala n'kumata kuseri kwa felemu chinthu chimodzi chomwe mudzayambire mawa, mwachitsanzo kuti mthunzi wa pansi pa dengu uderepo, kapena kuti dzanja lamanzere lafupika. Lembaninso mitundu yomwe munasakaniza kuti mupeze mtundu wa chitenje kapena wa dothi, chifukwa chimene chimagwetsa ulesi pobwerera ku chithunzi chakale ndi kulephera kupezanso mtundu uja. Ngati mwasakaniza wambiri, usungeni m'timabotolo totseka bwino. Chithunzi chomwe mukupakacho chijambuleninso ndi foni tsiku lililonse muli poima pamodzimodzi, kenako musinthe chithunzi cha mufonicho kuti chikhale chakuda ndi choyera chokha. Mudzadabwa kuona kuti chomwe chimakusowetsani mtendere si mitundu ayi, koma kuti malo owala ndi malo a mthunzi akufanana mphamvu, moti diso likusowa poyambira. Galasi lodziyang'anira nalonso limaulula msanga diso lopendekeka kapena phewa lokwera.

Mwa zotsalazo, zina zidzakhala zoti mtima wanu unachokamo kale. Musazisunge chifukwa cha chisoni: zipaleni pang'ono ndi sandipepa yonyowa kuti timizere totukuka tisalale ndiponso kuti musapume fumbi la utoto, makamaka ngati munagwiritsa ntchito mitundu ya cadmium, yomwe ili ndi poizoni, kenako muzipake gesso kawiri. Acrylic amamata bwino pamwamba pa acrylic mnzake. Chosatheka ndi kumupaka pamwamba pa utoto wa mafuta, chifukwa amadzasupuka.

Ngati pali pomwe ndalama zingapite, ndi pa mitundu yochepa yabwino m'malo mwa bokosi la mitundu 24 yofooka. Kuseri kwa chubu chabwino kumalembedwa nambala ya ufa wa mtundu. Woyera wa PW6 ndiwo umatha msanga, choncho gulani waukulu. Onjezerani PB29 ndi PB15 a buluu, PY74 wachikasu chowala, PY42 wachikasu cha dothi, PR101 wofiira ngati katondo, PBr7 wa bulauni, ndi PR122 wofiirira mwa pinki. Ndi imeneyi mutha kupeza khungu la anthu athu, dothi la m'munda, thengo la chilimwe ndi msipu wa dzinja. Onaninso kuti palembedwa I kapena II pa za kupirira kuwala, ndipo mitundu yonyezimira kwambiri ija ya fluorescent muipewe pa chithunzi chogulitsa, chifukwa imasuluka.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife timapaka penti wa nyumba wa PVA pa nsalu m'malo mwa gesso chifukwa cha mtengo. Pa zoyeserera palibe cholakwa. Koma penti ameneyo anapangidwira khoma losapindika, ndipo zithunzi zambiri zogulidwa ndi alendo, kaya mumzinda muno kaya ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear, zimachoka zitakulungidwa kuti zilowe m'chikwama. Pamenepo ndi pomwe ming'alu imayambira. Chogulitsa chipakeni gesso, ndipo pokulunga mbali ya utoto iyang'ane kunja, mokulungira pa paipi yaikulu osati mothina.

Kasungidwe nako kafunika kusintha, popeza mwanena kuti zithunzi zatsamirana. Khungu la acrylic limafewa kukatentha ngakhale papite miyezi, ndipo zithunzi ziwiri zoyang'anizana nkhope zimamatirirana, moti pozilekanitsa china chimachotsa utoto wa chinzake. Nyuzipepala nayo imamata n'kusiya zilembo. Ziimikeni chilili, pakati pake muike katoni yokhudza m'mbali mwa felemu mokha, ndipo pansi muike njerwa ndi thabwa kuti zitalikirane ndi chinyezi cha simenti ndi chiswe. Vanishi amateteza ku fumbi, koma dikirani milungu ingapo ngati utoto ndi wokhuthala. Muyambe mwapaka medium woonekera mkati, kenako vanishi wa mtundu wochotseka, kuti akadzada adzachotsedwe popanda kukhudza chithunzi.

Za maburashi n'zachidule. Akhale a nayiloni, muzikhala ndi zitini ziwiri za madzi, china chotsukira china choyeretsera, ndipo musawasiye ataima ndi tsitsi lawo m'chitini. Madzulo atsukeni ndi sopo wa mtanda mpaka thovu lituluke loyera, makamaka patsinde pomwe tsitsi limalowa m'chitsulo, chifukwa utoto ukaumira pamenepo burashi imatambasuka ndipo sibwereranso. Madzi otsukirawo musathire m'dimba kapena pomwe nkhuku zimamwa. Asiyeni m'ndowa kuti zinyalala zikhazikike pansi ndi kuuma, ndiyeno muzitaye ngati zinyalala zouma.

Zithunzi zosamaliza mutha kumaziika muno mu gulu lathu, ndipo ndi bwino kutero, koma muzibwera ndi funso lenileni, monga lakuti kodi mthunzi uwu ukugwirizana ndi komwe kukuchokera dzuwa. Mukangoika popanda funso mudzalandira mayamiko okhaokha, ndipo chithunzi choyamikiridwa chili pakati chimavuta kuchibwerera, chifukwa munthu amayamba kuopa kuwononga chomwe anthu achikonda kale.

Yesani zimenezi mpaka mvula itatha. Ngati pofika Epulo mudzakhala mutamaliza zingapo mwa zija za pakhoma koma mukuonabe kuti nkhope zikufuna nthawi yotalikirapo, pamenepo mudzatume wopita ku South Africa kuti akakufunireni acrylic wochedwa kuuma, monga wa Golden OPEN amene anatuluka mu 2008. Simudzafunika bokosi lonse: woyera, PY42, PR101 ndi PBr7 ndi okwanira pa khungu, ndipo amasakanizika ndi utoto womwe muli nawo kale.