Za mafakitale oika m'mbali mwa kanjanji kanu

Achimwene, mwati muli ndi thabwa lomangapo kanjanji ka sitima zachidole, lotalika mamita 2.4, m'lifupi masentimita 45, sikelo ya HO, ndipo mukufuna kuikapo fakitale ya zitsulo ndi mgodi wa malasha. Pepani, ya zitsuloyo isiyeni kaye. HO ndi 1:87, kutanthauza kuti thabwa lanu lonselo likuimira mtunda wa mamita 209 okha. Fakitale yeniyeni ya zitsulo ingameze malowo osakhuta n'komwe.

Ine ndinaphunzira mochedwa kuti fakitale sitisankha poona kukongola kwa nyumba yake. Timayamba tafunsa kuti kodi pakhomo pake pazilowa mabogi amtundu wanji, nanga pazituluka otani. Ndinatha miyezi ndikumata ndi kupenta nkhokwe zazitali za tirigu, zinaoneka bwino zedi, koma bogi yake inali yamtundu umodzi. Kukankhira atatu, kukoka atatu, basi. Sabata isanathe ndinali nditatopa nazo. Mgodi wa malasha vuto lake ndi lomwelo, komanso umafuna mabogi ambirimbiri kuti uoneke ngati mgodi.

Ngati mtima wanu uli pa fakitale yaikulu, ganizirani ya mapepala. Kumalowa mitengo kapena tizipalapasa take, mankhwala m'mabogi a thanki, dongo loyera la kaolin losalalitsira pepala, ndipo ngati nthawi yake ndi yakale, malasha a moto. Kumatuluka mapepala okulungakulunga m'mabogi otseka. Fakitale imodzi, mabogi amitundu inayi kapena isanu, ndipo iliyonse ili ndi khomo lake. Kukoma kuli pamenepo: bogi ya thanki ikakhala mkati mwenimweni, ndiye kuti muyambe mwachotsa zakutsogolo, kenako muzibwezere pomwe zinali. Simukuyenera kumanga nyumba yonse ayi. Mangani khoma lakutsogolo lokha, lokhuthala masentimita atatu kapena anayi, muligunditse ku chithunzi chakumbuyo. Diso lidzakhulupirira kuti fakitale ikupitirira kuseri.

Muyezenso. Bogi yotseka ya mafiti 40 imatalika pafupifupi masentimita 14 pa HO, choncho kanjanji kapambali ka masentimita 60 kalandira zinayi zokha. Osaiwala malo oti injini ibwerere m'mbuyo ndi mabogi ake isanasinthe njira. Ambiri amaiwala zimenezi, amadzazindikira guluu atauma kale.

Pali china chimene anthu amachiderera chifukwa chilibe nyumba: kanjanji kotsitsirapo aliyense, azungu amati team track. Ndi kanjanji chabe, pambali pake bwalo loti lole ifike. Lero patsika matabwa, mawa thalakitala, mkuja feteleza. Bogi iliyonse imene munagula mongotengeka nayo ipeza chifukwa choimira pamenepo. Chimodzimodzi kanjanji kopatsirana mabogi ndi kampani ina ya njanji: kamangothera m'mphepete mwa thabwa, koma kamaimira dziko lonse limene simunamange.

Chaka nachonso musankhiretu. Ku America tirigu ankanyamulidwa m'mabogi otseka wamba, otchinga pakhomo ndi matabwa, mpaka cha m'ma 1960 pomwe mabogi otsitsira pansi okhala ndi denga anayamba kulanda malo. Makontena monga tikuwadziwira lero anayamba mu 1956 ndi Malcom McLean, wamalonda onyamula katundu wa ku America, ndiye ngati kanjanji kanu ndi ka 1950, kontena isaonekepo. Alipo anzathu m'gulu muno amene maso awo saphonya zotere.

Malasha mukawakakamirabe, akatswiri amaika mgodi mbali ina ya chithunzi chotchinga, nyumba yopangira magetsi mbali inayo, njanji n'kudutsa mobisika pakati. Mabogi odzaza olowa ku magetsi amatulukira ku mgodi, opanda kanthu amayenda mobwerera, inu osakhudza malasha ndi dzanja. Koma zimenezo zimafuna tebulo loti mulizungulire, osati thabwa logunda kukhoma.

Ndikanakhala ine, pa thabwa lanulo ndikanaika khoma la fakitale ya mapepala kumbuyo, kanjanji ka aliyense kutsogolo, ndi kopatsirana kumapeto. Muonenso kamangidwe ka Alan Wright, womanga tinjanji totere wa ku Britain, kotchedwa Inglenook Sidings: tinjanji titatu tolandira mabogi asanu, atatu ndi atatu, n'kumasanja sitima ya mabogi asanu kuchokera pa asanu ndi atatu. Kakwana pa mamita 2.4 popanda vuto. Tatiuzani mabogi amene muli nawo kale m'bokosimo, mwina fakitale yanu yadzisankha kale.