Ndili ku Joni, ndikufuna kusiya mowa: gulu londithandiza ndilipeza kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti malipiro akangolowa Lachisanu, pofika Lolemba amakhala atathera ku shabini, ndipo kumudzi sakutumizanso kanthu. Ayesa kusiya paokha koma chibaba chimawagonjetsa. Amva kuti kuli misonkhano ya anthu amene akusiya mowa, ndiye akufunsa kuti angaipeze bwanji, amalipiritsa zingati, ndiponso ngati sakawafunsa mapepala.

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi za mapepalazo, chifukwa ndikuganiza kuti n'zimene zakhala zikukubwezani m'mbuyo. Gulu limene mwamvalo ndi Alcoholics Anonymous, ambiri amangoti AA. Linayambira ku Akron, m'dziko la America, mu 1935, pamene Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, onse zidakwa, anaona kuti akamakambirana za vuto lawo ankatha kukhala osamwa. Ku South Africa linafika m'zaka za m'ma 1940. Ku AA safunsa pasipoti, pemiti kapena dzina la bambo anu. Palibe kaundula, palibe ndalama yolowera. Chofunika n'chimodzi chokha: kufuna kusiya kumwa. Amayendetsa kambale ka chopereka cholipirira chipinda ndi tiyi, koma ngati mulibe mumangokapatsira mnzanu.

Kupeza msonkhano sikovuta. Lembani "Alcoholics Anonymous South Africa" pa Google. Patsamba lawo pali mndandanda wa misonkhano motsata dera ndi tsiku, komanso nambala yoimbira. Imbani, nenani dera limene mumakhala ndi nthawi imene mumaweruka, akuuzani wapafupi. Mukaona mawu akuti "open", ndiye kuti aliyense akhoza kulowa, ngakhale mbale wokuperekezani. Akuti "closed" ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa, ndipo inu muli ololedwa ku yonse iwiri. Ngati mumagwira usiku kapena ya takisi yavuta, ilipo ina ya pa intaneti, yochitikira pa Zoom, ndipo kamera mukhoza kuisiya yozimitsa.

Koma ine ndikanakonda mupite ndi miyendo yanu. Misonkhano yambiri imachitikira m'maholo a matchalitchi kapena a m'madera, ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi. Mukapeza mipando ya pulasitiki, ketulo ya tiyi pakona, ndi munthu wokupatsani moni pakhomo. Wina amatchula dzina lake loyamba, n'kunena kuti ndi chidakwa, kenako n'kufotokoza mmene ankamwera ndi mmene akukhalira lero. Palibe womudula mawu kapena kumulalikira. Ikafika nthawi yanu mukhoza kungoti mwabwera kudzamvetsera, ndipo sakakukakamizani. Chizungu chanu chisakuchititseni manyazi, m'chipindamo palibe wochonga galamala. Misonkhano ikatha musathamangire pakhomo. Khalani pang'ono, uzani mmodzi kuti ndinu watsopano, mutenge manambala a foni a anthu awiri kapena atatu. Manambalawo ndi amene adzagwire ntchito Lachisanu madzulo foni ikalira kuti ndalama zalowa. Pakapita nthawi mudzasankha munthu amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti akhale sponsor wanu, woyenda nanu m'masitepe 12 amene gululi limatsata posiya mowa.

Gulu loyamba likapanda kukusangalatsani, musagamule kuti AA si yanu. Magulu amasiyana kwambiri, ena ndi a anthu achikulire okhaokha, ena a achinyamata. Yesani angapo musanaganize zoleka. Mudzamvanso akutchula Mulungu, koma si mpingo. Amati Mulungu monga mmene aliyense akumumvetsera, choncho Msilamu, Mkhristu ndi wosapemphera amakhala mzere umodzi.

Pali chinthu china chimene ndikukupemphani kuti musachinyozere. Ngati m'mawa manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka mutamwako pang'ono kuti mukhale bwino, amenewo si matsire wamba. Thupi lazolowera mowa, ndipo kuusiya mwadzidzidzi kungachititse kukomoka ngati wakhunyu, kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka m'masiku atatu oyambirira. Anthu amafa nazo zimenezi. A AA si madokotala. Pitani kaye kuchipatala, kapena ku ofesi ya SANCA, bungwe lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo m'dzikomo, mukanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa. Kumsonkhano mukhoza kumapitabe pamene mukulandira chithandizocho.

Kwa amene mukuwerenga muli kumudzi, misonkhano yotereyi ndi yochepa poyerekeza ndi ku Joni. Poyambira pabwino ndi kuchipatala cha Saint John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kumene amathandiza anthu a vuto la uchidakwa, kapena kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Afunseni za gulu limene limakumana kufupi nanu. Amayi ndi ana a munthu womwa ali ndi gulu lawolawo lotchedwa Al-Anon.

Achimwene, imbani foni ija lero, ndipo ngati n'kotheka sankhani msonkhano wa Lachisanu madzulo. Mukapitako mundilemberenso mmene mwayendera.