Mwana akubayidwa jakisoni, agogo ake akumwa mapilisi, koma onse akuti shuga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa. Akuti mtsikana wawo wa zaka 11 anamupeza ndi shuga ndipo akubayidwa insulin m'mawa ndi madzulo, pomwe apongozi awo aamuna akhala ndi shuga zaka zambirimbiri koma amangomwa mapilisi basi. Ndiye achibale ayamba kunena kuti achipatala akumuzunza mwanayo, bola angomugawirako mapilisi a agogo akewo. Funso lawo n'lakuti kodi zimenezi n'zotheka?

Mayi, ayi, chonde musayerekeze olo tsiku limodzi. Dzina ndi limodzi inde koma matendawa ndi awiri osiyana.

Tikadya nsima kaya kondowole kaya mpunga wathu wa ku Nkhotakota kuno, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi akagwire ntchito m'thupi pamafunika insulin, amene amapangidwa ndi kapamba (pancreas pa Chingerezi), chiwalo cha m'mimba. Insulin ali ngati kiyi wotsegulira chitseko.

Wa mwana wanuyo, monga mwafotokozera, akuoneka kuti ndi Type 1. Apa chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuwononga timagawo ta kapamba topanga insulin, ndiye kiyi palibiretu. Amakonda kugwira ana ndi achinyamata ndipo amabwera mwachangu, masabata ochepa chabe mwana akumwa madzi ngati chiyani, akukodza usiku wonse mpaka kunyowetsa mphasa pomwe anasiya kalekale, akudya koma akuondabe, pamene wakodza nyerere mbwee. Ndipo ndinene izi poti ndikudziwa zomwe anthu amalankhula kuseri, sikuti ndi chifukwa choti mwanayo amatafuna nzimbe, sikuti munalakwitsa kulera, komanso si zolodzedwa ayi.

Wa agogowo ndi Type 2, ndi amene ali ndi anthu ambiri, pa odwala shuga 10 aliwonse pafupifupi 9 ndi ameneyu. Kiyi alipo koma loko wachita dzimbiri, thupi silikumumvera bwino insulin. Amayenda kumtundu, kunenepa makamaka mimba ndi kusagwira ntchito yotulutsa thukuta kumawonjezera, ngakhale owonda nawonso amadwala. Amalowa mwakachetechete, munthu mpaka kudzazindikira maso atayamba kuchita chifunga, mapazi dzanzi, kachilonda kakuphazi kosapola.

Tsono taonani zomwe mapilisi a agogowo amachita. Metformin amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa n'kuthandiza thupi kumvera insulin amene alipo kale. Glibenclamide amakakamiza kapamba kuti atulutse insulin wochuluka. Nanga kwa mwana amene kapamba wake sakupanganso insulin, akakamiza chiyani? Mukasiya jakisoni, pamasiku ochepa okha magazi ake amachita asidi, amayamba kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mwabefu, kenako kukomoka, ndipo ana amafa nazo izi. Insulin asanatulukiridwe ku Toronto mu 1921, mwana wa Type 1 sankakhalitsa ndi moyo. Jakisoni amene achibale akumuda uja ndi amene akumusunga mwana wanu.

Palinso shuga wa amayi oyembekezera, amapezeka kwambiri pa masabata 24 mpaka 28, mwana amatha kukula mopitirira makilo 4 n'kuvutitsa pochira. Nthawi zambiri amatha mayi akabereka koma ndi bwino kumayezetsabe, poti Type 2 amatha kudzabwera m'tsogolo.

Kubwerera kwa mtsikana wanu, insulin sagwirizana ndi kutentha ndipo mukudziwa mmene kunyanja kuno kumawotchera October akafika. Ngati mulibe fuliji, ikani kabotoloko m'kachitini kotseka bwino, muike mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa pamalo a mthunzi m'nyumba. Asamabaye jakisoni kenako n'kudumpha chakudya. M'chikwama chake cha kusukulu musamasowe maswiti awiri atatu, ndipo aphunzitsi muwauze kuti akamuona akunjenjemera, thukuta kamukamu, akuyankha zosokonekera, ndiye kuti shuga watsika, amupatse switi kaya Sobo pompo osadikira buleki.

Tsiku la sikelo yake ya shuga likakwana, tengani mmodzi mwa achibale akulankhulawo mupite naye, akafunse yekha kwa adokotala.